Kompyuta ya Mayi Wosayenda ndi Ambulera

Mayiwo analowa m'shopu mvula itangoyamba, atakumbatira kompyuta pachifuwa ngati mwana wodwala. Juzi lawo anali atalivula n'kufunditsa bokosilo, eni ake n'kutsala ndi bulauzi imene madzi anali ataimatiza m'mapewa. Sanaodire. Anadutsa pakati pa mamonita akufa amene tinawaunjika pakhomo, n'kutula katundu wawoyo patebulo panga, pamwamba penipeni pa tizidutswa ta nsalu ya lesi timene ndinkasankha.

"Siikuonetsa," anatero.

"Takulandirani, amayi. Khalani pampandopo."

Sanakhale. Maso awo anayendayenda m'mashelefu, pa makiyibodi opachikidwa pamisomali, pa mulu wa nthambo pakona, mpaka anakaima pa jekete la buluu limene linali kuseri kwa chitseko. Analiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira jekete.

Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi pamdadada wa mashopu, pakati pa atelala ndi bambo wina womata matayala. Mwini wake anthu amangomutchula kuti Dokotala, chifukwa kompyuta imene ena aiweruza kuti yafa, iye amaidzutsa. Ine ndinabwera kwa iye kudzaphunzira ntchito. Ndinaphunziradi, kenako ndinaphunziranso zina zimene sizinali m'pangano, ndipo mwezi wotsatirawo unali wa ukwati wathu. Mphete inali kale pachala. Tsiku limenelo mutu wanga unali pa lesi, pa maluwa, ndi pa funso loti kodi Dokotala adzagwetsa misozi kapena adzangomwetulira akadzandiona ndikulowa nditavala zoyera.

"Eni shopu alipo?" anafunsa mayiwo.

"Atuluka m'mawa, apita kutsidya kwa tauni kukagula zipangizo. Koma ntchito ndimagwiranso ine, musaone kuchepaku."

"Anakuphunzitsani ndi iwo?"

"Zonse."

"Zonse," anabwereza, ngati akulawa mawuwo. "Ndiye basi. Manja ndi omwewo."

Ndinadula kapepala komata kamene timamata pa katundu wa anthu, n'kutenga cholembera. "Ndilembe dzina lanji?"

"Musalembe. Sindiisiya pano."

Apa atelala anasuzumira pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi, zikhomo zili pakamwa. Ndi mayi wonenepa amene makina ake akaima, pakamwa m'pamene pamayamba.

"Mkwatibwi, lesi ija wasankha iti? Ukachedwa ndikusokera diresi la matumba a simenti, ukalowe ngati nyumba yosamaliza." Kenako anaona mlendoyo, n'kuchotsa zikhomo pakamwa. "Pepani achemwali, mwanyowatu. Dikirani." Anatuluka n'kubwera ndi thaulo. "Mitambo yonseyi simunaione? Ambulera inatsala kuti?"

"Sindiyenda ndi ambulera," anatero mayiwo, akupukuta kompyuta m'malo modzipukuta okha. "Imanditsekera kumwamba."

Atelala anaseka, n'kunditsinzinira diso potuluka. Ine sindinaseke. 

Dokotala sankakonda kukamba za kwawo. Makolo anamwalira kale, abale anamwazikana, pa ukwati mbali yake kudzakhala anzake a ntchito okha. Ine zimenezi zinkandikoka mtima. Ndinkamuona ngati nyumba yotseka imene kiyi wake wapatsidwa kwa ine ndekha. Koma tsiku lina mvula itatitsekereza pakhonde lomweli, anandiuza za mlongo wake amene anamwalira ali mtsikana. Anati ankadana ndi ambulera, ankati imamutsekera kumwamba, ndipo ankafika kunyumba madzi ali chuchuchu iye akungoseka. Dzina lake analitchula kamodzi kokha, chapansipansi: Tinyade. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti mwana wathu woyamba akadzakhala wamkazi, adzatenge dzinalo. Kuchokera tsiku limenelo ndinkaliyeseza ndikakhala ndekha, kuitana kamwana kamene kunalibe n'komwe.

Ndinayang'ana pansi. Mapazi a mayiwo anali atasiya madzi pasimenti ngati a munthu wina aliyense. Odana ndi ambulera ndi ambiri padziko, ndinadziuza, n'kukankhira lesi pambali.

Kompyutayo inali yakalekale, yotuwa, ya bokosi lalikulu ngati sutikesi. Kutsogolo kwake kunali kasitika ka gulugufe, phiko limodzi litachoka. Ndinailumikiza ku monita yanga yoyesera, ndinalowetsa pulagi, n'kudina batani. Kagetsi kobiriwira kanayaka. Fani inazungulira, n'kutulutsa fungo la fumbi lokhalitsa. Sikirini inali bii.

Ndinadikira. Ndinasintha chingwe cha monita, ndinamanga bwino tizomangira take tiwiri, ndinadinanso. Bii. Ndinayesa monita ina. Chimodzimodzi. M'galasi lakudalo ndinkangoona nkhope yanga, ndi ya mayiwo kumbuyo kwanga, ataima mowongoka, manja atapinda.

Koma chimene chinandivuta si mdimawo ayi. Chinali kusalira kwake. Kompyuta zakalezi zili ndi kasipika kakang'ono m'kati. Ikadzuka bwino imalira kamodzi, ikadwala imalira mosonyeza pamene pakupweteka. Dokotala ankakonda kunena kuti yodwala imabuula, yakufa fani siizungulira, koma imene ikupuma osalira, ndiye kuti wina anaitseka pakamwa.

"Inasiya liti kuonetsa, amayi?"

"Kale."

"Inagwa? Inalowa madzi?"

"Akuti mphezi."

"Munapita nayo kwa amisiri ena?"

"Ayi."

Ndinaitembenuza kuti nditsegule. Pamutu pa sikulu yapamwamba panali kadontho koyera ka mankhwala ofufutira zolembedwa, kataumira pamenepo osang'ambika. Ndinakadziwa. Dokotala akamaliza ntchito amadontheza kadontho kotero pa sikulu, kuti makina akadzabweranso adziwe ngati wina anawatsegula pambuyo pake. Inenso ndimachita zomwezo. Kadontho aka kanali katasanduka kachikasu ndi ukalamba, koma palibe sikuludiraiva imene inakakhudzapo.

Ndinatenga foni n'kuima nayo pakhomo. Mvula inali italimba, malata akulira.

"Kawaya, bwanji? Lesi yakugonjetsa?" Amanditchula Kawaya chifukwa cha kuonda kwanga, ndipo mawu ake anali ndi kaphwete kake ka masiku onse.

"Kwabwera wodwala wanu wakale. Kadontho kanu kali pa sikulu."

"Odwala anga ndi ambiri, mayi. Ndi yotani?"

"Yotuwa, yaikulu, yakale kwambiri. Ili ndi kagulugufe ka phiko limodzi."

Ndinkamva magalimoto, ndinkamva mvula ya kumeneko, ndinkamva munthu akuitanira malonda.

"Halo? Mukundimva?"

"Wabwera nayo ndani?"

"Mayi ena. Dzina sakunena. Anyowa thupi lonse, akuti sayenda ndi..."

"Usaitsegule."

"Chifukwa?"

"Ndati usaitsegule. Bodi yake inapsa, ndikuidziwa. Uwauze kuti siingakonzeke, azipita. Wamva?"

Chiyambire kundiphunzitsa, ngakhale tsiku limene ndinapsereza makina a munthu polumikiza nthambo mozondoka, anali asanandiyankhulepo ndi mawu otero.

"Mufika nthawi yanji?"

"Ndikubwera." Foni inaduka.

Nditatembenuka ndinapeza mayiwo atakhala tsopano, thaulo lili pamiyendo.

"Akuti ndizipita?"

"Akuti akubwera."

"Amatero," anayankha. Anasisita kagulugufe kaja ndi chala. "Tandiuzani chinthu chimodzi, mwana wanga, inu odziwa. Munthu akatsegula bokosili, zimene zili m'katimo zimafufutika?"

"Ayi. Kutsegula chabe sikufufuta kanthu."

"Ngakhale atatsegula mmisiri wina, wosakhala amene anaitseka?"

"Ngakhale mutatsegula inuyo ndi mpeni wa kukhitchini."

Anatsinzina. Milomo yawo inagwedezeka pang'ono ngati akuwerenga chinachake chamumtima. "Zaka zonsezi," anatero.

"Anakuuzani ndani kuti zingafufutike?"

"Amene anaika kadonthoko."

Kunja bingu linagunda chapatali, getsi la padenga linaphethira n'kubwerera. Ndinayang'ana foni, ndinayang'ana chitseko, ndinayang'ana kadontho. Ndinali ndisanamukanepo Dokotala chilichonse. Ndinazimitsa makina, ndinazula pulagi, ndinaika nsonga ya sikuludiraiva pakati pa kadonthoko. Kanasweka ngati chikamba cha dzira.

Masikulu ndinawaika m'kambale kathu kachitsulo. Chivundikiro chinakana pang'ono, kenako chinatsetsereka. Fumbi linali litayala bulangete pa chilichonse, ndipo pakona kangaude anali atamanga n'kufa yekha. Ndinapukusa ndi burashi, ndinauzira. Pansi pa fumbilo munali mwaudongo modabwitsa. Nthambo zonse zinali zopindidwa m'magulu, zomangidwa mfundo yoyang'ana mbali imodzi, mmene ndimamangira ine, mmene anandiphunzitsira iye.

Ndinafufuza ndi tochi pa bodi, thabwa lalikulu limene tizipangizo tonse timalumikizidwapo. Panalibe popsa. Mphezi ikalowa m'makina imasiya chizindikiro: penapake pakuda, kanthu kotupa, fungo lowawa losatha. Umu munalibe chilichonse. Koma pamene pamayenera kukhala kasipika panali timano tinayi tili pamtunda. Kasipika kanali katachotsedwa, ndipo kanachotsedwa bwino, ndi munthu wosafulumira.

Ndinatsegula dirowa n'kutenga kanga koyesera, ndinakalumikiza, ndinabwezera pulagi n'kudina batani.

Inalira. Kulira kwakutali, kupuma, kulira kwakutali, kupuma, osaleka. M'kachipinda kathu kaja mawuwo anamveka ngati a chinthu chimene chakhala chikukuwa m'dzenje popanda wochimva. Mayiwo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti vuto lili pa ramu."

"Ramu," anatero, ndipo anaseka kuseka kwakufupi kopanda chimwemwe.

Makina a atelala kuseri kwa khoma anaima. "Mkwatibwi, mwapha mbuzi kumeneko?"

"Tikukonza, amayi."

"Konzani mwakachetechete, mwandikhotetsa msoko."

Ramu ndi kathabwa kobiriwira kotalika ngati chala, kokhala ndi mzere wa timano tagolide kumunsi. Kompyuta ikalephera kuyankhulana nako, siionetsa kanthu. Kawirikawiri timanoto timangochita litsiro. Umakazula, umatipukuta ndi labala ya ana a sukulu, n'kukabwezera. Ndinazimitsa, ndinakankha tizotsekera ta m'mbali, kathabwako kanadumpha. Ndinatenga labala n'kuyamba kupukuta kuchokera kumanzere.

Labala imagwira pa golide, imamveka kukokakoka. Inagwira, inagwira, kenako pakatikati inaterereka ngati yaponda sopo.

Sindinafunike tochi. Chala changa chinadziwa mutu usanavomere. Pa timano tingapo panali kaselotepi kopyapyala, kodulidwa ndi lumo mofanana ndi timanoto, kopindidwa mbali zonse ziwiri, kosaoneka ndi maso pokhapokha utapendeketsa kathabwako ku kuwala.

Sabata yanga yoyamba m'shopu muno, Dokotala anandipatsa kompyuta yosaonetsa n'kukhala pakona akumwa tiyi. Ndinalimbana nayo kuyambira m'mawa. Ndinasintha zingwe, ndinasintha monita, ndinatuluka thukuta, ndinatsala pang'ono kulira. Dzuwa litapendeka anabwera kumbuyo kwanga, anagwira chala changa n'kuchiyendetsa pa timano ta ramu mpaka chikhadabo chinakola kaselotepi. Ndinamva mpweya wake pakhutu. Anati, "Usamakhulupirire maso okha, Kawaya. Ichi ndi chinsinsi changa, sindinaonetsepo munthu." Usiku umenewo sindinagone. Anzanga akandifunsa kuti chikondi chathu chinayamba bwanji, ndinkawauza za kaselotepi kameneko, ndipo ndinkakasunga m'chikwama changa cha ndalama ngati duwa louma.

Tsopano ndinaphimba kaselotepi kena ndi chala chachikulu. Foni inayamba kunjenjemera patebulo, dzina lake likuwala. Inaleka. Inayambanso.

Zinali zosavuta. Ndikanangobwezera kathabwako mmene kanalili, kudina batani, kupukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti bodi inapsa. Mayiwo akanafunditsa juzi lawo n'kubwerera mumvula. Dokotala akanafika, n'kundifotokozera chinachake chomveka, chifukwa iye amadziwa kufotokoza. Lesi inali pomwepo pambali pa chigongono changa, yoyera, ya timaluwa.

"Muli chiyani m'kompyutamu, amayi?" ndinafunsa.

Foni italekanso, mayiwo anayankha.

"Mwana wanga. Wamkazi. Anatisiya asanayambe kuyenda." Anapinda thaulo pakati, n'kulipindanso. "Zithunzi zake zonse zili mmenemo. Sitinatsukitse ngakhale chimodzi, tinkati tidzatsukitsa akadzakwanitsa chaka. Maliro atatha ndinkakhala pa kompyutapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osaphika, osasamba, kumangodina. Sindikana, ndinali ngati wamisala. Bambo ake ankati ndikudzipha, ndipo ndikuwaphanso iwo. Tsiku lina ndinadzuka, ndinadina batani, mdima. Anati ndi mphezi. Anati akukagula ramu ina kutauni." Anayang'ana kathabwa kamene kanali m'dzanja langa. "Ramuyo ndikuidikirabe."

Mvula inawomba chitseko, chinatseguka pang'ono n'kudzitseka chokha.

Mwina mwamuna wawoyo anali kasitomala wa Dokotala, ndinaganiza. Mwina anamupempha kuti amuthandize kupulumutsa mkazi wake ku chisoni, ndipo Dokotala, pokhala wamtima wabwino, anavomera, ndipo lero akuchita manyazi. Ndinaigwira nkhani imeneyi ndi manja awiri ngati munthu wogwira udzu pagombe.

"Mwabwera kudzafuna mwamuna wanuyo?"

"Mwamuna?" Anandiyang'ana koyamba m'maso, ndipo munalibe chidani mmenemo. Zikanakhala bwino mukanakhala chidani. "Mnzanga wina anadutsa pano mwezi watha, anabwera kudzandiuza zimene anaona pakhonde panupa. Ndinamva, ndinagona, ndinadzuka, palibe chinandipweteka. Chimene chikundipweteka n'chakuti nkhope ya mwana wanga yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndimaona chipewa chake, ndimaona tizala, koma nkhope ikubwera ngati ya mwana wa aliyense. Ndikachedwa ndidzamutaya kachiwiri."

Ndinachotsa chala pa timano. Ndinapendeketsa kathabwako ku getsi kuti aone.

"Si mphezi, amayi. Ndi ichi."

Chikhadabo chinakola pakona. Kaselotepiko kanali katauma, kanamatuka pang'onopang'ono, n'kusiya golide wowala ngati wa dzulo. Ndinakaika padzanja lawo. Anakayang'ana, kanthu kochepa ngati chikhadabo cha khanda.

"Basi?"

"Basi."

Ndinapukuta zomata zotsalira, ndinabwezera ramu mpaka tizotsekera tinalira mbali zonse ziwiri. Kabatire kozungulira ka pa bodi, kamene kamasunga nthawi, ndinadziwa kuti kanafa kalekale. Ndinakazula n'kuika katsopano. Manja anga ankagwira ntchito okha, mwaluso, mwadongosolo lake lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawada.

Ndinadina batani. Fani inazungulira. Kasipika kanalira kamodzi, kakufupi, koyera.

Zilembo zoyera zinatulukira pa sikirini. Kompyuta inadandaula kuti siikudziwa tsiku, n'kupempha kuti ndidine batani lina. Ndinadina. M'kati mwake chinthu china chinayamba kukhosomola ndi kukukuta, ngati munthu wogona nthawi yaitali akuwongola mafupa. Kamzere kanayenda, kanaima, kanayendanso.

Kenako getsi la padenga linafiira. Fani inatsitsa mawu. Kuseri kwa khoma atelala anatukwana magetsi ndi makolo ake omwe. Mayiwo anaika dzanja pamwamba pa bokosi, ndipo ine, sindikudziwa chifukwa chake, ndinaika langa pambali pa lawo. Tinakhala choncho, osapuma. Getsi linalimbana, linalimbana, n'kuyeranso.

Sikirini inada kamphindi. Itayera, chithunzi chinadzaza galasi lonse.

Khanda lonenepa, lovala chipewa cha ulusi, likuseka ndi nkhama zokhazokha, malovu ali pachibwano. Kumbuyo kwake mayi omwewa, masaya odzaza, tsitsi lonyowa, mutu atautsamiritsa paphewa la mwamuna. Mwamunayo anali wopanda ndevu, wowonda kuposa mmene ndimamudziwira, koma kamwetulidwe kanali komweko, kokhotera kumanzere, kamene ndinkakadikira m'mawa uliwonse. Dzanja limene linagwira khandalo linali ndi mphete. Anali atavala jekete la buluu.

Sindinatembenuke kuyang'ana kuseri kwa chitseko. Panalibe chifukwa.

Mayiwo sanalire. Anakokera mpando pafupi, anayandikira mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi, n'kuyendetsa chala pa nsidze za mwanayo, pamphuno, pachibwano.

"Ndinaiwala kuti khutu ili linali lopindika," ananong'ona. "Taonani. Ndinaiwala."

Ndinaona. Khutu la Dokotala nalonso ndi lopindika chomwecho. Ndinkakonda kuliseweretsa, n'kumaganiza kuti mwana wathu adzatengera.

Atelala anasuzumiranso, diresi langa losamaliza lili pamkono. "Mkwatibwi, magetsi asanathawenso tabwera ndikuyeze m'chiuno, chifukwa iwe ukuonda tsiku ndi tsiku ngati..." Maso awo anafika pa sikirini. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mlendo, anayang'ana ine. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, anabwerera osamaliza mawu. Makina awo sanalirenso.

Mphete inavuta kutuluka, chala chinali chitatupa ndi ntchito. Ndinaipotoza mpaka inadutsa pamfundo. Ndinaiponya m'kambale ka masikulu, ndipo inalira ngati sikulu wamba.

"Zithunzizi ndikukoperani pena, amayi, makinawa ndi okalamba," ndinatero. "Mukatsukitse mawa lomwe."

"Zikomo, mwana wanga. Mundikhululukire. Sindinadziwe kuti ndipeza mwana wamng'ono chonchi."

"Ndiuzeni dzina lanu."

Sanachotse maso pa mwana wawo. "Mulimva pompano. Akubwerayo amadziwa kulitchula."

Ndinamvadi mapazi pakhonde, othamanga, akuponda m'zithaphwi. Ndinamva makiyi akulira m'thumba, ambulera ikupindidwa. Chitseko chinakankhidwa mwamphamvu, mphepo yozizira n'kuulutsa tizidutswa ta lesi kuchoka patebulo.

"Kawaya, ndinakuuza kuti..."

Anaima. Kuwala kwa sikirini kunamugwera kumaso. Kajumbo ka zipangizo kanapulumuka m'dzanja lake n'kugwa pasimenti. Maso ake anadutsa pa ine, anadutsa pa kambale, anadutsa pa bokosi lotsegula, n'kukaima pa msana wonyowa wa mayi amene sanatembenuke n'komwe. Madzi ankadontha kuchokera ku nsonga ya ambulera, dontho limodzilimodzi.

Ndipo ndi mawu omwe aja a chapansipansi, a tsiku la mvula pakhonde, anaitana munthu amene anandiuza kuti ali kumanda.

"Tinyade."